Malangizo a pulogalamu yathu akalamba: tichite bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Iwo pamodzi ndi anzawo asanu amasamalira pulogalamu ya open source (imene aliyense ali ndi ufulu woona ndi kusintha mmene inalembedwera) yothandiza magulu a banki mkhonde kusunga kaundula wa ndalama. Dandaulo lawo ndi lakuti malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamuyo sakugwirizananso ndi mmene ilili lero, ndipo aliyense amathamangira kulemba code (mizere ya malamulo imene kompyuta imatsatira) pamene malangizowo alibe mwini.

Achemwali, musafulumire kuganiza kuti anzanuwo ndi aulesi. Malangizo amakalamba ngakhale palibe amene wawakhudza, chifukwa zipangizo zimene pulogalamu yanu imadalira zimasintha popanda kukufunsani. Pa 13 Ogasiti 2021, GitHub, webusayiti imene anthu amasungirapo code, inasiya kulandira password wamba potumiza code kudzera pa Git (chida chosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa mu code), ndipo tsamba lililonse limene linkauza anthu kuti alembe password pamenepo linasanduka labodza tsiku lomwelo. Momwemonso ndi masamba amene ankalamulabe anthu kuika Python 2, mtundu wakale wa chinenero cholembera mapulogalamu chotchedwa Python, umene eni ake anasiya kuusamalira pa 1 Januwale 2020.

Amene amapwetekedwa ndi zimenezi ndi munthu watsopano. Ndikukumbukira mnyamata wina wa ku Kawale amene anafuna kutithandiza pa ntchito ina yotere. Anagula bandulo ya tsiku limodzi, n'kutsatira README yathu (tsamba loyamba la malangizo) mzere ndi mzere, koma atafika pa gawo lachinayi kompyuta inakana chifukwa dzina la fayilo tinali titalisintha kalekale. Anabwereza katatu poganiza kuti wolakwa ndi iyeyo, mpaka bandulo inatha. Sanabwerenso, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti malangizo akhale mu repository (malo osungira mafayilo a pulogalamu) imodzimodzi ndi code, ndipo mugwirizane kuti pull request (pempho loti zimene munthu wasintha zilowetsedwe mu pulogalamu) iliyonse yosintha zimene wogwiritsa ntchito amaona isalandiridwe ngati tsamba lofotokoza zimenezo silinakonzedwe. Anthu osamalira Django, chida cha open source chopangira mawebusayiti, amachita chomwecho pa chinthu chatsopano chilichonse. Ubwino wake ndi wakuti amene wasintha code amalemba zinthuzo zikadali m'mutu mwake, m'malo modikira kuti wina adzazifufuze patapita miyezi.

Koma inu amene munaika pulogalamuyo pa laputopu yanu kalekale simungaone pamene malangizo adumpha. Paja akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu akangolowa m'gulu lanu, ntchito yake yoyamba ikhale kutsatira tsamba loikira pulogalamu pa kompyuta imene sinaikidwepo kanthu, n'kulemba malo onse amene wakakamira. Mukhale naye pafupi, koma musamuthandize msanga.

Zithunzi za sikirini muchepetse, popeza batani likangosuntha chithunzi chatha ntchito. Tsamba limene palibe angalikonze mulichotse popanda mantha, chifukwa Git imasungabe mbiri yake yonse.

Mwatchulanso kuti muli ndi masamba a Chichewa omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Amenewa ndiwo amatsalira kwambiri, chonsecho ndi amene msungichuma wa banki mkhonde amawerenga. Pamwamba pa tsamba lililonse la Chichewa lembani version (nambala ya mtundu) ya pulogalamu imene likufotokoza, ndipo musanatulutse version yatsopano, mmodzi mwa inu asanu ndi mmodzi awerenge masamba onse awiri moyandikana.