Yambani ndi mapepala ndi denga, matailosi adikire

Achemwali, pepani poyamba ndi imfa ya bambo. Mwafunsa kuti nyumba imene anasiya ku Chilomoni mukufuna kuigulitsa, ndalama yokonzera muli nayo yochepa, ndiye muike matailosi ndi kupaka penti kaye kapena muigulitse mmene ilili. Ndaona ambiri muno akukuuzani za penti. Ine ndikuti simenti ndi penti musanagule ngakhale chitini chimodzi, tsegulani kaye chikwama chimene bambo ankasungamo mapepala.

Ndikunena izi chifukwa ife tinalakwitsa pomwepa ndi nyumba ya mayi athu ku Zingwangwa. Tinaika matailosi pabalaza, tinapaka penti mkati ndi kunja, wogula anapezeka msanga ndipo tinamvana mtengo. Iye ankadalira ngongole ya kubanki. A banki atafunsa mapepala, zinapezeka kuti chilichonse chili m'dzina la malemu, ndipo palibe mwa ife amene anali ndi mphamvu yosayina. Tinatha miyezi tikuyendera zimenezi. Tili mkati modikira, mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo tinagwirizana uja sukanagulanso zimene tinkalinga, ndipo wogulayo anatopa n'kupita kwina. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndalama ya matailosi ija ikanakwanira kulipira loya.

Nyumba ya munthu amene anamwalira simungaigulitse chifukwa choti ndinu mwana wake basi. Ngati bambo anasiya wilo, khoti liyenera kuitsimikiza. Ngati sanasiye, pamafunika ma letters of administration, chikalata chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Mukhoza kuyambira kwa loya kapena ku ofesi ya Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, choncho ngati mayi alipo, kapena bambo anali ndi ana kwina, onsewa akhale pansi limodzi nanu zinthu zisanapite patali. Gwirizanani mtengo wotsikitsitsa umene mungalandire, amene azilankhula ndi ogula, ndi mmene mudzagawanire, ndipo zilembedwe aliyense asayine. Wogula akangomva kuti mchimwene wina sakugwirizana nazo, sabweranso, ndipo sitingamunene.

Kenako dziwani kuti malowo ndi a ndani. Kuno ku Blantyre mapuloti ena ndi a Malawi Housing Corporation (MHC), ena ndi a Unduna wa za Malo (Lands), ena ndi a khonsolo ya mzinda, ndipo ena anthu anangogula kwa amfumu n'kulemberana papepala. Malo ambiri okhala ndi mapepala ali pa lizi ya zaka 99, ndipo kusintha dzina kumafuna chilolezo cha mwini malowo. Iwo sakupatsani chilolezo muli ndi ngongole ya ground rent, lendi ya malo imene mumalipira kwa iwo. Pitaninso ku Civic Centre, ku maofesi a khonsolo, mukafunse ngati ma city rates, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo, analipidwa. Makolo athu ambiri akapuma pantchito ankangosiya, ngongole n'kumakula mwakachetechete. A MRA nawo amafuna tax clearance, chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, posintha umwini. Pemphani loya akafufuze ku kaundula wa malo ngati bambo sanaikepo nyumbayo chikole. Fufuzani mabikoni, zizindikiro za malire, m'makona mwa puloti, chifukwa mipanda yambiri inamangidwa pongoyerekeza ndi maso, ndipo wogula akabwera ndi saveya n'kupeza kuti khitchini yapanja ili kwa aneba, nkhani imathera pomwepo. Mita ya ESCOM ndi ya Blantyre Water Board muonenso kuti zilibe ngongole zakale.

Mukamaliza izi, ndalama yotsalayo ithamangire madzi. Blantyre ndi mzinda wa m'mapiri, ndipo Chilomoni ili m'munsi mwa Michiru. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'mbali mwa phiri la Soche, wogula aliyense wanzeru amayamba wafunsa kuti mvula ikagwa madzi amadzera kuti. Muzimuonetsa ndi chala. Fukulani ngalande, konzani pamene madzi anaguguda m'mbali mwa maziko, ndipo ngati pali khoma lotchinga dothi lomwe layamba kupendekeka, limenelo ndiye lofunika simenti yanu. Mmisiri akwere padenga, asinthe malata obooka ndi misomali yomasuka, alowenso mu siling'i aone ngati chiswe sichinadye mitengo. Banga la madzi pa siling'i musangolipaka penti denga lisanakonzedwe. Mvula yoyamba ya November idzakuululani, ndipo wogula adzayamba kukayikira ngakhale zimene munanena zoona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: anthu ogula nyumba mwambi umenewu amaudziwa bwino, n'chifukwa chake amagogoda makoma ndi kusuzumira kuseri kwa zitseko.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Ing'onoing'ono ya pulasitala imatsekeka mosavuta. Koma mng'alu wotsika chopingasa kuchokera pakona ya zenera, woti n'kulowetsamo chala, ukunena za maziko. Umenewo itanani wodziwa auone, ndipo wogula mumuuze. Kutsitsa mtengo pang'ono mwachilungamo kuli bwino kusiyana ndi kukakumana kukhoti.

Chimbudzi ndi bafa zimagulitsa nyumba kuposa balaza, makamaka amayi akabwera kudzaona. Mipopi yodontha isinthidwe, thanki ya chimbudzi izigejemula bwino, septic tank ngati yadzaza ipopedwe, fungo lisamveke. Zimenezi sizidya ndalama zambiri.

Tsopano matailosi aja. Ngati pansi pali simenti yosalala yosasweka, ikolopeni, ipakeni polishi, muisiye. Matailosi amene inu mungasankhe mwina wogula sawakonda, ndipo ndalama yake siibwerera yonse pa mtengo. Penti inde, koma ikhale yomalizira, ya mtundu umodzi wowala, yoyera kapena ya kirimu, pa makoma ouma. M'miyezi ya chiperoni, June ndi July, makoma amagwira chinyezi. Nthawi yabwino ndi August mpaka October. Geti ndi chitseko chakutsogolo musaiwale, poti ndi zimene munthu amayamba kuona akutsika galimoto. Lambulani pabwalo, chotsani dzala ndi zitsulo zakale, sadzirani nthambi zogona padenga, koma mitengo ya mango ndi mapeyala musadule.

Chovuta kwambiri kwa ife chinali katundu wa mayi. Zithunzi, zovala, mipando imene tinakulira, zonse zinali mmene anazisiyira, ndipo ogula ankalowa mwamantha ngati alowa pa siwa. Gawanani katunduyo mwaulemu monga banja nyumba isanayambe kuonetsedwa. Zipinda zikhale zopepuka, makatani atsegulidwe, ndipo zithunzi zoika pa Facebook mujambule m'mawa kukuwala. Ngati m'nyumbamo muli alendi, auzeni msanga ndi kuwapatsa notisi yoyenera. Munthu amene wamva kwa aneba kuti nyumba ikugulitsidwa sangakutsegulireni chitseko mokondwa.

Za mtengo, musadalire zoti a uje anagulitsa mwakuti. Lipirani valuer, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, wovomerezeka akupatseni lipoti. A banki nawonso adzatumiza wawo, ndiye ndi bwino mudziwiretu pamene mwaima. Madobadoba adzabwera ambiri, aliyense akuti ali ndi bwana wa kashi. Sankhani ejenti mmodzi wokhala ndi ofesi yodziwika, mulemberane za komishoni yake musanayambe, ndipo asaonjezere zake pamwamba pa mtengo wanu. Mapepala enieni musapatse munthu aliyense, perekani mafotokope. Pa tsiku loonetsa nyumba musakhale nokha, pakhale achimwene kapena amalume. Ndalama idzere kubanki, pangano lilembedwe ndi loya, ndipo makiyi aperekedwe ndalama yonse italowa.

Mutiuze kuti pa pepala la malolo palembedwa MHC, Lands kapena khonsolo, komanso ngati mayi alipo, kuti tikuuzeni khomo loyamba kugogoda Lolemba likudzali.