Msonkho wa mowa unatsika, nanga mtengo ukukwereranji?

Achimwene, mwafunsa kuti boma la Britain linalengeza kuti latsitsa msonkho wa mowa wa m'mabala, nanga bwanji pint (tambula ya mowa yoposa pang'ono theka la lita) ikungokwera mtengo. Sanakunamizeni ayi, kungoti chomwe anatsitsacho n'chochepa kwambiri.

Kuyambira pa 1 August 2023, msonkho wa mowa kuno umatengera ukali wake. Mowa wa pampopi, uja amakuthirirani pakauntala kuchokera mumgolo wa malita 20 kapena kuposa, anauchotsera 9.2 peresenti, bola ukali wake usafike 8.5 peresenti. Mu February 2025 nduna ya zachuma, Rachel Reeves, inaonjezera kuchotserako mpaka 13.9 peresenti. Mukawerengera, ndi peni imodzi pa pint. Imodzi basi! Mwini bala sangafufute choko pabolodi la mitengo chifukwa cha peni.

Ndiye mu April chaka chomwecho anamupanikiza mbali ina. National Insurance, ndalama yomwe olemba ntchito amalipira kuboma pa malipiro a wantchito aliyense, inachoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti, ndipo anayamba kuiwerengera pa malipiro opitirira £5,000 pachaka, osati £9,100 ngati kale. Apa m'pamene zinawawa, chifukwa mabala amadalira antchito ogwira maola ochepa, omwe ambiri sankawalipirira kanthu. Ku England, ndalama yomwe ankawachotsera pa msonkho wa malo a bizinesi inatsikanso kuchoka pa 75 kufika pa 40 peresenti. Onjezani magetsi, lendi ndi VAT ya 20 peresenti pa chakudya chomwe amaphika. Ndalama zonsezo mwini bala amazipezera pa mtengo wa tambula yanuyo.