Mwana wanga wauzidwa kujambula anthu osavala: kodi ndi maphunziro amenewa?

Mayi wina wa ku Leicester walemba kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 17, yemwe akuchita A-level ya zojambula, walangizidwa kulowa kalasi yojambula munthu wosavala. Aphunzitsi amuonetsanso timabuku ta zojambula ta Turner, katswiri wakale wa zojambula wa ku Britain, ta ku Tate Britain, nyumba yoonetsera zojambula ku London, ngati chitsanzo. Mayiwa akufunsa ngati izi zili ndi tsogolo, kapena ndi kungomuwononga mwana.

Amayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Kwathu thupi la munthu wamkulu silionedwa chisawawa. Koma mwanayu musamuletse musanaone chimene aphunzitsi amuonetsa.

J.M.W. Turner anabadwira ku London mu 1775, mwana wa munthu wometa. Analowa sukulu ya zojambula ya Royal Academy mu 1789 ali ndi zaka 14, ndipo poyamba ankangojambula ziboliboli za pulasitala. Anamulola kujambula munthu wamoyo mu 1792, pa msinkhu womwe mwana wanu ali nawowu. Anatchuka ndi nyanja, zombo ndi mitambo, komabe m'timabuku take muli misana, mikono, asodzi padoko, anthu pamsika, ena ojambulidwa ndi mizere yowerengeka chabe. Mtengo ukaujambula nthambi itakhota palibe amene angadziwe, koma mkono ukatalika pang'ono ngakhale mwana wa sitandade 1 aona kuti palakwika. Thupi la munthu ndilo limaphunzitsa diso kuyeza, n'chifukwa chake masukulu a zojambula sanalisiye mpaka lero.

Ndikuuzeninso zoona, musadzazimvere kwina. Pakati pa mapepala a Turner pali zojambula zina za m'chipinda, zomwe zinamukhumudwitsa John Ruskin, mlembi wa nkhani za zojambula, pamene ankasanja katunduyu Turner atamwalira mu 1851. Zimenezo Turner ankajambula payekha. Za m'kalasi ndi zina: woimirirayo ndi munthu wamkulu wolembedwa ntchito, mphunzitsi amakhalapo, ndipo ophunzira amakhala kalikiliki ndi pensulo. Pitani kusukulu mukafunse kuti kalasiyo imayenda bwanji, ndani amakhalamo, komanso ngati mwana angayambe ndi munthu wovala. Ndinu kholo, ufulu umenewo muli nawo.

Za tsogolo tsopano. Makoleji a zojambula ku Britain amafuna portfolio, kutanthauza mpukutu wa zimene mwana wajambula, ndipo ambiri amatsegula kabuku kojambulamo tsiku ndi tsiku kuti aone mmene mwana amaganizira, pomwe analakwitsa, pomwe anayesanso. Mwana wanu asang'ambe masamba amene akuwaona kuti ndi oipa, ndipo azilemba deti. Ambiri akamaliza A-level amachita chaka chimodzi cha Foundation, maphunziro okonzekera, asanasankhe digiri. Wodziwa kujambula thupi amafunika kokonza makatuni ndi magemu a pakompyuta, kopanga masitayilo a zovala, komanso kojambula zithunzi za m'mabuku a zachipatala.

Palinso ntchito imene makolo ambiri saidziwa, ndipo ine ndimaikonda kwambiri. Turner anasiyira dziko lake mapepala ojambulidwa oposa 30,000 ndi timabuku pafupifupi 300. Katswiri wa mbiri ya zojambula A.J. Finberg anatulutsa kaundula wa mapepalawa mu 1909, ndipo mu 1928 mtsinje wa Thames unasefukira n'kunyowetsa ena mwa mapepalawo. Mpaka pano pali anthu olembedwa ntchito yokonza pepala lakale, kuliteteza ku kuwala ndi chinyezi, ndi kufufuza kuti tsamba lililonse linajambulidwa liti komanso kuti. Northumbria University ku Newcastle imaphunzitsa zimenezi pa digiri yachiwiri, ndipo sayansi imafunika, choncho ngati mwanayu amaikhoza chemistry asaitaye.

Masamba a timabukuti ali pa intaneti, pa tsamba la Tate, ulere. Khalani naye pansi madzulo ano muwaonere limodzi, akufotokozereni chomwe akuona. Mukapeza mpata pitani naye ku Tate Britain ku Millbank. Pakhomo salipiritsa, ndipo mukapempha pasadakhale ku Prints and Drawings Room amakuonetsani mapepala enieniwo.