Mwana wamaliza mayeso koma dzina lake palibe pa mndandanda wa graduation

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera mtima uli m'mwamba. Mwana wawo analemba mayeso omaliza pa yunivesite ina ya boma, anafika kunyumba n'kunena kuti sukulu yatha, ndipo abale anayamba kale kusonkha ndalama ya minibasi ndi kusoketsa zovala za tsiku la graduation. Mndandanda wa olandira madigiri utatuluka, dzina la mnyamatayo panalibe. Mayiwo akufunsa kuti: kodi mwanayu analephera n'kutibisira, kapena ndi sukulu imene yalakwitsa?

Mayi, yambani mwaugwira mtima, musamuweruze msanga mwanayo. Kulemba pepala lomaliza sikutanthauza kuti digiri yatuluka. Aphunzitsi akachonga, malikisi amakambidwa ku dipatimenti, amaonedwanso ndi akatswiri ochokera ku mayunivesite ena, kenako amapita ku Senate, lomwe ndi bungwe lalikulu loona za maphunziro pa yunivesite iliyonse. Mpaka Senate itavomereza, palibe amene anganene kuti wamaliza, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Panjira imeneyi dzina limatha kutsalira pa zifukwa zingapo, ndipo zambiri mwa izo si zochititsa manyazi ayi.

Mwina pali phunziro limodzi lomwe sanakhoze bwino ndipo akuyenera kulemba mayeso obwereza, aja ophunzira amati sapu. Mwina malikisi a kafukufuku wake wa chaka chomaliza sanalowe m'kaundula pa nthawi yake. Koma chimene ndimachiona kawirikawiri ndi nkhani ya clearance. Aliyense womaliza amapatsidwa fomu yoti akasainitse ku maofesi osiyanasiyana: ku akaunti atsimikize kuti alibe ngongole ya fizi, ku laibulale atsimikize kuti anabweza mabuku onse, ku hositelo aone kuti kiyi ndi matiresi zinabwezedwa, ku dipatimenti aone ngati palibe chipangizo cha mu labu chimene chili m'manja mwake. Buku limodzi lomwe anabwereka ali chaka chachiwiri n'kubwereketsa mnzake limatha kuimitsa zonse. Achinyamata ambiri akangotuluka m'chipinda cha mayeso amakwera basi tsiku lomwelo, fomu ija ili yosasainidwa m'chikwama.

Choti muchite ndi ichi. Mwanayo apite yekha ku ofesi ya Registrar, atenge chiphaso chake cha sukulu ndi malisiti onse a fizi amene munasunga, akafunse chifukwa chenicheni chimene dzina lake latsalira. Ngati akumuzungulitsa, alembe kalata, asiye imodzi, ina adinditse chidindo n'kuisunga. Inu mukafuna kudziwa zoona zake, mupempheni akuonetseni zotsatira zake za semesita iliyonse. Mayunivesite ambiri masiku ano amaziika pa intaneti pomwe wophunzira amalowa ndi nambala yake. Ndipo chonde, wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lilowe pa mndandanda, mukane. Ndalama iliyonse ya sukulu imalipiridwa ku banki kapena ku akaunti, ndipo imakhala ndi lisiti.

Zikapezeka kuti mwambo uno wamudutsa, sikuti zonse zagwa. Akakonza vutolo adzalowa pa mwambo wotsatira, ndipo podikirapo angathe kupempha transcript, chikalata chosonyeza maphunziro onse ndi malikisi ake, pamodzi ndi kalata yotsimikiza kuti anamaliza. Olemba ntchito ambiri amalandira zimenezi. Komanso amene sangathe kufika pa tsikulo, kaya wadwala kaya ali kunja, digiri yake imaperekedwabe iye kulibe, bola adziwitse ofesi. Gauni ndi chipewa ndi zokondweretsa, ndipo makolo amene anagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mwana aphunzire ayenera kuliona tsikulo ndi maso awo, kaya ndi mu Great Hall ku Zomba kaya kwina. Koma musalowe m'ngongole ya katapila chifukwa cha phwando. Funsani msanga za ndalama ya graduation, yobwerekera gauni, ndi chiwerengero cha alendo omwe wophunzira amaloledwa kulowa nawo, chifukwa malo amakhala ochepa ndipo abale ena amathera panja pa dzuwa.

Pali chinthu china chimene ndikufuna aliyense womaliza achimve. Mndandanda woyamba ukatuluka, yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina lanu, chilembo ndi chilembo. Dzina la pa digiri lifanane ndi la pa satifiketi ya MSCE, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti. Kuno kwathu "l" ndi "r" amasinthanasinthana, wina analembetsa dzina la agogo ku sekondale koma pa chiphaso pali la bambo, wina anakwatiwa ali pakati pa maphunziro. Kukonza dzina satifiketi isanasindikizidwe ndi ntchito yosavuta kwenikweni. Ikasindikizidwa, mumayamba kuyenda kwa maloya kukalumbira, ndipo vutolo limadzatulukanso pomwe mukufunsira sukulu kunja. Amene munaphunzira ndi ngongole ya boma, kudzera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, kumbukirani kuti ngongoleyo siithera pa mwambo. Ndalama zimene mukabweze ndi zomwe azing'ono anu adzaphunzirire.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mphunzitsi wa pa sekondale ina yomwe si ya boma. Ali ndi digiri ya sayansi yomwe anakhoza ndi pass, waphunzitsa zaka zingapo, ndipo akufuna kutenga ngongole ku banki kuti akachite masters. Akuti anzake onse akuchita, iye akuona ngati akutsalira.

Aphunzitsi, funso loyamba si lakuti anzanu akuchita chiyani, koma lakuti pepala limene mukufunalo likakutsegulireni khomo liti. Ngati mtima wanu uli pa uphunzitsi, chimene mukusowa panopa mwina si masters. Digiri yanu ndi ya sayansi, osati ya uphunzitsi, ndipo kwa anthu ngati inu kuli University Certificate in Education, yomwe ambiri amangoti UCE. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi yunivesite ya Mzuzu akhala akuphunzitsa maphunziro amenewa. Ndi aafupi, otsikirapo mtengo, ndipo ndi amene amakupangitsani kuzindikirika ngati mphunzitsi wophunzitsidwa bwino ntchito yake. Anthu amaiderera satifiketi chifukwa dzina lake silimveka lolemera, koma pa ntchito zina satifiketi yoyenera imaposa masters yosagwirizana ndi ntchitoyo.

Ngati mukufunabe masters, dziwani kuti mapulogalamu ambiri amafuna digiri yoyamba ya credit kapena distinction. Wa pass amatha kulowa ngati ali ndi zaka zogwira ntchito m'gawo lomwelo, ndipo kwina amauzidwa kuti ayambe wachita postgraduate diploma, yomwe imakhala ngati mlatho. Werengani bwino chidziwitso cha pulogalamu imene mukufuna, chifukwa zofunika zimasiyana.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Masters kuno kwathu nthawi zambiri ndi ya zaka ziwiri: chaka choyamba m'kalasi, chachiwiri kafukufuku. Chaka choyamba anthu amachidutsa bwinobwino, chifukwa pali ndondomeko, pali anzako, pali tsiku la mayeso. Pa kafukufuku ndi pomwe ambiri amatitimira. Muyenera kulemba proposal, yomwe ndi ndondomeko ya kafukufuku wanu, n'kuiteteza pamaso pa aphunzitsi. Ngati mukafunsa anthu mafunso kapena kugwiritsa ntchito mbiri za odwala, muyenera kupeza chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, monga COMREC kwa a zaumoyo ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kapena makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo izi zimadya masabata. Mukatero mupite kukatolera mfundo ndi ndalama za m'thumba mwanu, mulembe, supervisor, mphunzitsi wokuyang'anirani, awerenge n'kubweza, mulembenso, thesis, lomwe ndi buku la kafukufuku wanuyo, ipite kwa oyesa a mkati ndi a kunja, muiteteze, mukonze zomwe akuuzani, kenako mupereke yomangidwa bwino. Zonsezi mukuchita uku mukuchonga makope a Folomu 4 usiku ndi kulera ana. Walira mvula walira matope. Ndiye musanasaine za ngongole, werengerani fizi ya zaka zonse, ndalama ya kafukufuku, mayendedwe, komanso mufunse kuti mukapitirira nthawi yoikika mudzalipira zingati ndipo malire ake ndi zaka zingati. Funsaninso amene anayamba pulogalamuyo zaka zitatu zapitazo kuti ndi angati mwa iwo avala gauni. Yankho lawo likuuzani zambiri kuposa chidziwitso cha m'nyuzipepala.

Yesaninso mwayi wa maphunziro olipiriridwa. Chevening ya boma la Britain imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Palinso za Commonwealth. Onsewa amafuna transcript ndi makalata a aphunzitsi anu akale, choncho yambani kuzisonkhanitsa miyezi ingapo nthawi yofunsira isanatseke. Amene munaphunzira ku Polytechnic, College of Medicine kapena Kamuzu College of Nursing chaka cha 2021 chisanafike, kumbukirani kuti makoleji amenewa anachoka pansi pa yunivesite ya Malawi n'kukhala MUBAS ndi KUHeS, monga momwe Bunda inakhalira LUANAR kale. Fotokozani zimenezi m'kalata yanu kuti akunja asasokonezeke poona mayina awiri.

Pomaliza, bambo wina wafunsa za masters ya pa intaneti yomwe akuti imatha m'miyezi isanu ndi umodzi popanda kafukufuku, mtengo wake wotsika kwambiri. Bambo, musalipire kaye. Kuphunzira pa intaneti pakokha si vuto, mayunivesite odziwika amaphunzitsanso motero. Koma pitani ku National Council for Higher Education ku Lilongwe, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, mukafunse zinthu ziwiri: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu imatha kukhala yolembetsedwa pomwe maphunziro ake ena sanavomerezedwe. Ngati sukuluyo ndi yakunja, afunseni ngati pepala lake adzalizindikira mukabwera nalo. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kukagwira ntchito ku South Africa, kumeneko mapepala akunja amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, lomwe limafufuza ngati sukulu imene inakupatsani digiri ndi yovomerezeka m'dziko lake.