Mikanda ya siliva ya a Karen: ndalama ifike bwanji kwa osula?

Funso: Ndimapanga ndolo ndi mikanda ya m'khosi yogulitsa. Ndikufuna kuitanitsa mikanda ya siliva yosulidwa ndi anthu a mtundu wa Karen ku Thailand, koma ndamva kuti phindu limathera kwa ogulitsa a m'tauni. Nditani kuti mabanja osulawo apindule? (Mayi wa ku Lilongwe)

Yankho: Mayi, yambani ndi kufunsa wogulitsayo mudzi umene katundu wake amachokera. Osula ambiri ali kumpoto kwa Thailand, monga ku Phra Bat Huai Tom m'boma la Li, m'chigawo cha Lamphun. Amene amagwiradi ntchito ndi mabanjawa savutika kutchula mudzi ndi kukuonetsani zithunzi za posulira.

Chachikulu chili pa mtengo. Siliva ameneyu amagulitsidwa pa sikelo, choncho pemphani kuti pa invoisi alembe padera kulemera kwake m'magalamu, mtengo wa siliva wa tsikulo, ndi malipiro a mmisiri. Mtengo wa padziko lonse umatchulidwa pa aunsi, yomwe ndi magalamu 31.1, ndiye mungathe kuwerengera nokha. Mukaona kuti mkanda wosulasula ukugulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa siliva wosasula, dziwani kuti kaya si siliva weniweni, kaya mmisiri wagwira ntchito yathangata. Ngati mukufuna kunenerera, nenererani pa gawo la wogulitsa, osati la wosula.

Perekaninso ndalama ina, mwina theka, poitanitsa. Mmisiri amayenera kugula siliva asanayatse moto, ndipo akasowa mpamba amakongola kwa wamalonda yemwe pambuyo pake amamuikira mtengo. Musawapanikize ndi masiku, chifukwa ambiri ndi alimi ndipo nthawi yodzala ndi yokolola mpunga ntchito imachedwa.

Siliva wa a Karen amakhala wa 95 mpaka 99 peresenti, pomwe wolembedwa 925 ndi wa 92.5 peresenti, kotsalako kukhala mkuwa. Nchifukwa chake wa a Karenyu ndi wofewa, wosavuta kudinda maluwa ndi nsomba pogwiritsa ntchito chitsulo ndi nyundo. Kufewako kuli ndi vuto lake: tingowe ta ndolo ndi zotsekera zimapindika msanga, ndiye zimenezo gulani za 925. Maginito sagwira siliva, koma sagwiranso mkuwa, choncho mayeso amenewo paokha sakwanira. Itanitsani pang'ono kaye, mukayezetse ndi asidi kwa wosula mphete.

Mabowo a mikanda safanana, ndiye tchulani kukula kwa bowo m'mamilimita molingana ndi waya wanu. Katundu akafika musabweze poti kachidindo kapendekeka, pakuti ndi mmene ntchito ya manja imaonekera, ndipo wobwezedwayo nthawi zambiri amaluzitsa mmisiri. Popukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa. Pewani madzi otentha a soda ndi aluminiyamu, chifukwa amachotsa kuda kwa m'mizere komwe osula amaika dala kuti maluwawo aoneke.