Bwalo la Owerenga: N'chifukwa Chiyani Sanasankhe T'Challa Wina?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Posachedwapa ine ndi anzanga tinaonera filimu ya Black Panther: Wakanda Forever, ndipo itangotha panabuka mkangano. Ena akuti filimuyi ndi yozizira chifukwa mulibe mfumu T'Challa, ndipo akuti kampani ya Marvel ikanangopeza munthu wina wolowa m'malo mwa Chadwick Boseman, yemwe ankasewera ngati mfumuyo. Ena akuti kutero kukanakhala kunyoza malemuwo. Kodi akunena zoona ndani? Ndine wowerenga wanu wa ku Chibavi.

YANKHO: Zikomo achimwene chifukwa cha funso lanu. Mkangano umenewu unafala dziko lonse lapansi kuyambira pamene Chadwick Boseman anamwalira pa 28 Ogasiti 2020, atadwala khansa ya m'matumbo, ali ndi zaka 43 zokha. Akuluakulu a Marvel atalengeza kuti sadzapereka malo a T'Challa kwa munthu wina, okonda filimuyi ambiri anadandaula pa intaneti n'kupempha kuti nkhaniyi iganiziridwenso. Mfundo yawo si yopepuka, chifukwa ana achikuda anali atangopeza kumene ngwazi yofanana nawo mu filimu yoyamba ya mu 2018, pamene Batman ndi Spider-Man akhala akuseweredwa ndi anthu osiyanasiyana kwa zaka zambiri popanda nkhani yawo kutha.

Komabe ine ndikugwirizana ndi anzanu amene akuti Marvel inachita bwino. Kwathu kuno mfumu ikamwalira sitilonga ina m'mawa mwake. Mpando umayamba wakhala wopanda munthu, banja limalira, ndipo akuluakulu amakambirana mofatsa za woyenera kulowa ufumu. Ryan Coogler, yemwe anatsogolera mafilimu onse awiri, anali atalemba kale nkhani yokhala ndi T'Challa, ndipo imfa itachitika anailembanso kuti chisoni cha osewerawo chikhale mutu weniweni wa filimuyo. N'chifukwa chake imayamba ndi maliro, anthu a ku Wakanda, dziko longopeka la ku Africa limene T'Challa ankalamulira, atavala zoyera, ndipo Shuri, mlongo wake wa mfumuyo, sathamangira kuvala chovala cha Black Panther. Amachivala mochedwa, mtima uli wodzaza ndi mkwiyo, mayi ake ataphedwa.

Amene akuti filimuyi ndi yozizira aonerenso pamene Mfumukazi Ramonda, mayi wa T'Challa ndi Shuri, ikuchotsa Okoye paudindo wotsogolera asilikali, Shuri atagwidwa ndi adani. Angela Bassett, yemwe akusewera ngati Ramonda, akuimirira pamaso pa nduna zonse, mawu akunjenjemera, n'kuwakumbutsa kuti wataya mwamuna ndi mwana, ndipo tsopano wotsalayo sakudziwika kumene ali. Kasewero kake mu filimuyi kanamupezetsa mphoto ya Golden Globe mu 2023, ndipo anasankhidwanso kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Ife a kumpoto tili ndi chifukwa china choonera mwachidwi, popeza mmodzi mwa akuluakulu a ku Wakanda anaseweredwa ndi malemu Connie Chiume wa ku South Africa, amene bambo ake ankachokera m'boma la Nkhata Bay.

Izi sizikutanthauza kuti odandaulawo alibe poimira. Filimuyi ndi yaitali, maola awiri ndi mphindi 41, ndipo mbali zokhudza akazitape a ku America zimachedwetsa nkhani popanda kuwonjezerapo kanthu kogwira mtima. Zochitika za pansi pa nyanja, kumene kuli ufumu wa Namor, mdani wa Wakanda, n'zamdima kwambiri, moti munthu woonera pa foni kapena pa kanema wamng'ono amavutika kuona nkhope za anthu. Ngakhale ndalama zimene inapeza, zopitirira madola 850 miliyoni, zinachepa poyerekeza ndi madola oposa 1.3 biliyoni a filimu yoyamba.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti filimuyi simathera pamene mayina a osewera ayamba kuoneka. Mukadikira pang'ono, Shuri ali ku Haiti amaonetsedwa mwana wamwamuna amene Nakia, bwenzi la T'Challa, anabereka ndi mfumuyo n'kumulera mobisa, ndipo mwanayo amaulula kuti dzina lake la ku Wakanda ndi T'Challa. Ngati munazimitsa kanema msanga, muwaitane anzanuwo muonerenso mbali imeneyi musanapitirize mkangano wanu.