Malichero akupindulitsa, koma ngongole ya K2,000 musatenge

Mayi wina wa ku Chadiza walemba kuti: "Timalima chimanga, nshawa ndi mpendadzuwa. Tikakolola, abambo akunyumba amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaluka malichero ndi madengu ansungwi, luso limene anaphunzira kwa amalume awo. Pa sabata amatha malichero 10, anthu amagula pakhomo K35 limodzi, ndipo nsungwi zake timagula K50. Ine ndimaluka madoilo ndi zipewa za makanda. Ndikufuna kubwereka K2,000 ku gulu lathu la banki ya m'mudzi, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi, kuti tiyambe bizinesi yeniyeni, mwinanso tichepetse munda. Ndichite bwanji?"

Amayi, tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala anu omwewo. Malichero 10 pa K35 ndi K350. Tikachotsa za nsungwi, patsala K300 pa sabata. Ngati abambo amagwira masiku 6, ndiye kuti tsiku lawo likubweretsa K50. Funsani kuti ganyu akulipira zingati m'mudzi mwanu m'miyezi ya chilimwe, ngati akupezeka n'komwe, ndipo muona kuti luso limeneli si lochepa. Koma chiwongoladzanja cha K2,000 pa 20 peresenti ndi K400 mwezi uliwonse. Abambo azidzaluka sabata yathunthu ndi masiku ena awiri kungolipira phindu la gulu, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire.

Nanga ndalamazo mugule nazo chiyani? Woluka amafuna mpeni wakuthwa, nsungwi zokhwima ndi manja. Chimene chikuletsa malichero kupitirira 10 pa sabata ndi manja, ndipo ngongole siwonjezera manja. Mukhala ndi mulu wa nsungwi zodyedwa ndi afumbwe zisanalukidwe. Ngati pakufunika ndalama yoyambira ulendo wa kumsika, kapena ulusi wa madoilo anu, isungeni kuchokera pa malonda a masabata awiri kapena dikirani tsiku lanu la chilimba.

Za kuchepetsa munda ndikukanirani. Kuluka kukukoma chifukwa kukudzaza miyezi imene khasu lili pakhonde, kuyambira June mpaka October. Mvula ikagwa mu November, tsiku limodzi lobzala pa nthawi yake limaposa malichero ambiri. Komanso ogula anu ndi alimi anzanu. Amagula lichero pamene akupeta nshawa ndi chimanga, m'thumba muli ndalama ya zokolola. Mu January, pamene ufa ukuperewera, palibe amene amaganiza za dengu latsopano. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Phindu lili pa kusankha choluka ndi kumene mukukagulitsa. Dengu lalikulu msika wake unalandidwa ndi mabeseni apulasitiki ndi matumba, koma palibe pulasitiki imene imapeta mgaiwa kapena mphale ngati lichero. Choncho abambo aziika nthawi yambiri pa malichero, madengu aziluka wina akaitanitsa n'kupereka theka la ndalama. Kenako yesani msika wa Kapata kapena Saturday Market ku Chipata. Musapite ndi malichero 10, chifukwa ndalama ya galimoto idya phindu lonse. Sonkhanitsani a mwezi wathunthu, ndi a oluka anzanu awiri kapena atatu, apite munthu mmodzi. Kambiranani ndi amayi amene ali kale ndi benchi kumeneko kuti azikuguleni pa mtengo wa oda. Mtengowo umatsika pang'ono, koma ndalama mumalandira tsiku lomwelo, osagona m'tauni.

Muli ndi masiku awiri pa chaka amene ogula amabwera okha. Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumachitika kumapeto kwa August, ndipo kumasonkhana Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kudzaona Kalonga Gawa Undi. Nc'wala, mwambo wa Angoni ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata, ndi Loweruka lomaliza la February, mwezi womwe pakhomo ndalama imasowa kwambiri. Sungani katundu wina wa tsiku limenelo pamalo ouma, pamwamba m'khitchini pomwe utsi umafika, kuti afumbwe asamuboole.

Anthu amakonda kunena za alendo a ku Mfuwe. N'zoona kuti obwera kudzaona nyama ku South Luangwa amalipira bwino, koma sanyamula dengu la chimanga pandege. Amafuna tinsengwa tating'ono toikamo zipatso, toluka mosalala, ndipo masitolo a m'malo ogona alendo amafuna kukula kofanana nthawi zonse. Lukani zitsanzo zitatu, jambulani pafoni, tumizani pa WhatsApp, ndipo yambani kuluka zambiri mutagwirizana mtengo. Akati siyani katundu tidzalipira akagulidwa, lembetsani papepala chiwerengero, mtengo ndi tsiku.

Madoilo anu awerengereni chimodzimodzi: ulusi, masiku, mtengo. Ndikuganiza kuti mupeza kuti zipewa za makanda mu June ndi July, kukazizira, zikulipira kuposa madoilo, amene salaula anawatsitsa mtengo kalekale.

Chinanso, m'kalata yanu simunanene maganizo a abambowo. Munthu woluka akucheza ndi anzake angathe kudana nako kuluka akamadzuka ndi tsiku lobweza ngongole m'mutu. Khalani pansi mukambirane, mugwirizanenso kuti ndalama ya malichero ikupita kuti. Ine ndikanati iziikidwa padera, pa Airtel Money kapena MTN, mpaka nthawi yogula feteleza ndi mbewu. Ngati gulu lanu la oluka lakhazikika chaka chathunthu, pamenepo lembetsani ngati kopaletivu n'kukafunsa ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu za thandizo la magulu la CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu wanu.

Bambo wina wa ku Petauke akufunsa kuti: "Ndimasema mipini, mithiko ndi mitondo. Kodi ndingatumize pa basi ku Lusaka?"

Mungathe, abambo, ndipo malo ngati Kabwata Cultural Village amagulitsa zosema. Koma yambani mwapita ku ofesi ya Forestry m'boma lanu. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo podula mitengo yogulitsa komanso ponyamula katundu wa m'nkhalango, ndipo pa Great East Road pali malo ofufuzira magalimoto. Mtengo wa mukula musaukhudze. Mitondo ndi yolemera, gulitsani kwanu komweko. Pa basi tumizani mithiko, zipande ndi mipini, zomangidwa m'mitolo yowerengeka, ndipo wogula atumize theka la ndalama katundu asanakwere.